KUKONGOLETSA KANDULO NDI MANJA ATHU

Pasaka ikamayandikira, makolo ambiri ku Namitete, Nambuma ndi Nsaru amagula makandulo oyera a wamba pokonzekera ubatizo wa ana awo. Kandulo yokongoletsa kale imadula ndipo imapezeka mtawuni basi. Komatu, okondedwa awerengi, kandulo ya pagolosale tingathe kuikongoletsa tokha pakhomo.

Chitsanzo chathu ndi Kandulo ya Pasaka. Pakati pake pamakhala mtanda, pamwamba pa mtandawo lemba la Chigiriki la Alefa, pansi pake la Omega, kutanthauza kuti Khristu ndiye chiyambi ndi chimaliziro. M'ngodya zinayi za mtanda mumalembedwa manambala a chaka, ndipo wansembe amabayapo timibulu tisanu ta lubani pokumbukira mabala asanu a Ambuye. Kalata yochokera ku Roma ya mu 1988 idalamula kuti kandulo imeneyi ikhale ya phula lenileni, imodzi yokha, ndiponso yatsopano chaka chilichonse. Imeneyo ndi ya m'tchalitchi. Pa kandulo ya mwana ndi zokwanira kuikapo mtanda, dzina lake ndi tsiku la ubatizo.

Kachitidwe kake nkotere. Jambulani chithunzi papepala, likulungeni pakandulo, ndipo bayani ndi singano motsata mizere. Mukachotsa pepalalo, lumikizani timadonthoto ndi nsonga ya msomali kuti pakhale timigula tosazama. Kenaka sungunulani makrayoni a ana asukulu, pakuti nawonso ndi phula. Aikeni m'kachitini, kachitiniko mukaimike m'poto wa madzi otentha. Musakatereke pamoto penipeni, chifukwa phula likatentha kwambiri limayaka, ndipo kuthirapo madzi kumangofalitsa motowo. Dzazani timigulato pogwiritsa nthenga ya nkhuku. Likauma, palani lotsalira ndi kuseri kwa mpeni.

Chenjezo lalikulu nali: musamatepo pepala, nsalu kapena maluwa ouma. Phula limasungunuka pamodzi ndi kandulo, koma zinazi zimagwira moto lawi likazifikira, ndipo ambiri mwa ife tikugona m'nyumba zofolera ndi udzu. Jambulani cham'munsi, kutali ndi chingwe choyatsira, ndipo sungani kanduloyo pamthunzi kuti isapindike.

Asemino anzathu, popita ku tchuthi tikaphunzitse luso limeneli m'miphakati mwathu. Mwana akadzakula adzawerenga yekha pakandulo tsiku limene adalowa mu Eklezia.