Injiniya akakhala pampando wa bwana

Mu Novembala 2023, banki yaikulu ya Reserve italengeza kuti mphamvu ya kwacha yatsika ndi 44 peresenti, dola imodzi yomwe dzulo lake idali pa K1,180 idafika pa K1,700. Tsiku limenelo palibe mlatho umene udagwa, palibenso khoma limene lidang'aluka. Koma m'malo ambiri momwe ankamanga misewu, zipatala ndi mathanki a madzi, ntchito idagwedezeka. Phula, zitsulo, dizilo ndi zipangizo za makina timazigula kunja. Kontirakitala amene adasainira mtengo wokhazikika m'makwacha adagona ali ndi phindu, n'kudzuka ali ndi ngongole.

Amene adayenera kupereka yankho ndi injiniya woyang'anira ntchitoyo. Kodi mumgwirizano muli ndime yolola kusintha mtengo zinthu zikakwera? Ngati ilimo, imawerengedwa bwanji, ndipo imayambira tsiku liti? Ngati mulibe, ntchito iime, ichepetsedwe, kapena kontirakitala angofera momwemo? Munthuyu adatha zaka zisanu ku Polytechnic akuphunzira katundu amene nsanamira ingasenze ndi momwe madzi amayendera m'paipi. Za migwirizano ndi ndalama, ngati adaziphunzira n'komwe, adangozilawa chakumapeto kwa maphunziro ake.

Vuto lake limayamba mwa njira yooneka ngati mwayi. Mnyamata kapena mtsikana akagwira bwino ntchito ya manja ake, kaya pa siteshoni ya magetsi kaya mu laboletale, amalandira kalata yomukweza. Amavula ovololo, n'kupatsidwa ofesi, bajeti ndi anthu makumi angapo, ena a iwo amsinkhu wa bambo ake. Kuyambira tsiku limenelo ntchito yake ndi misonkhano, matenda a ma tenda, madandaulo a antchito ndi malipoti opita ku bodi. Chimene adamukwezera sindicho akuchita, ndipo chimene akuchita palibe adamuphunzitsa. Kampani imataya injiniya wabwino n'kupeza bwana wongopapasa.

N'chifukwa chake m'makalasi a digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka ntchito ndi utsogoleri mumapezeka anthu amene adayamba ndi masamu ndi sayansi. Ambiri amaphunzira ali pantchito, madzulo, kumapeto kwa sabata kapena m'zigawo za masiku angapo otsatizana. Ku Blantyre, sukulu ya Polytechnic, yomwe kuyambira 2021 idaima payokha n'kukhala MUBAS, yakhala ikuphunzitsa MBA kwa zaka zambiri, komanso ili ndi digiri yachiwiri ya kamangidwe ndi kasamalidwe ka zomangamanga zikuluzikulu. ESAMI, yomwe likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania, imaphunzitsa MBA yake konkuno. MUST ya ku Ndata m'boma la Thyolo, yomwe idatsegulidwa mu 2014, ili ndi madigiri achiwiri a luso lotulukira zinthu zatsopano ndi loyambitsa bizinesi. Ogwira ntchito m'boma ali ndi Malawi School of Government, yomwe idabadwa ataphatikiza sukulu ya MIM ya ku Kanengo ndi ya ku Mpemba. Amene thumba lawo likulola amapita ku University of Pretoria, komwe kuli sukulu yapadera yophunzitsa mainjiniya kuyendetsa ntchito ndi mapulojekiti.

Maphunzirowa si amodzi, ndipo ofuna kuwachita amasokonezeka pomwepa. MBA imasonkhanitsa aliyense: wa kubanki, wa zamalonda, dokotala, injiniya. Imaphunzitsa bizinesi yonse, kuyambira kutsatsa malonda mpaka kuwerenga mabuku a ndalama. Digiri ya kayendetsedwe ka ntchito za uinjiniya imatenga okhawo amene ali kale ndi maziko a sayansi, ndipo siiwachotsa pa makina awo. Ku America, sukulu ya MIT idaona kufunika kwake mu 1988, nthawi yomwe mafakitale a dzikolo ankagonja kwa a ku Japan. Idayambitsa maphunziro ophatikiza, oti munthu atuluke ndi madigiri awiri, ya uinjiniya ndi ya kayendetsedwe ka ntchito. Ganizo lake lidali lakuti woyendetsa fakitale azimva chilankhulo cha pansi pomwe pali makina komanso cha m'chipinda chomwe amagawiramo ndalama.

Chimene injiniya amakapeza m'kalasimo choyamba ndi ndalama, ndipo masamu ake sakhala ovuta kwa iye. Chovuta ndi kaganizidwe. Taonani madzi a mu Blantyre. Ambiri amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakankhidwa ndi mapampu kukwera mamita pafupifupi 800 kuti afike mumzinda. Dontho lililonse lofika ku Ndirande kapena ku Bangwe ladya kale magetsi. Paipi ikamadontha pansi pa msewu, chotayika si madzi okha ayi, ndi ndalama za magetsi zolipiridwa kale. Tsono tiyerekeze kuti pali ndalama zokwanira chinthu chimodzi: kugula pampu yatsopano kapena kusaka ndi kutseka podontha. Mtima wa injiniya umathamangira pampu, chifukwa imaoneka, imalira, ndipo nduna ingabwere kudzaitsegulira. Wophunzira bwino amakhala pansi n'kuwerengera zimene chilichonse mwa ziwirizi chidzadya ndi kubweza pa zaka khumi kapena makumi awiri, akukumbukira kuti kwacha ya lero si yofanana ndi kwacha ya zaka zisanu zikubwerazo. Nthawi zina yankho limakhala la pampu, nthawi zina ayi. Chachikulu n'chakuti tsopano angathe kulifotokoza kwa mkulu wa zachuma m'mawu amene mkuluyo sangawakane.

Chachiwiri ndi nthawi. Njira yodziwika kwambiri yokonzera ndondomeko ya ntchito idatulukira cha m'ma 1957 ku kampani ya DuPont, ndipo mfundo yake ndi yapafupi: pa ntchito zonse za pulojekiti, pali mzere umodzi wa ntchito zodalirana, zomwe ikachedwa imodzi ndi tsiku, pulojekiti yonse yachedwa ndi tsiku. Zina zingathe kudikira osavulaza kanthu. Woyang'anira wosadziwa zimenezi amakalipira opaka penti pamene chomwe chamanga ntchito yonse ndi thiransifoma yomwe yaima padoko la Beira kudikira mapepala. Kwathu kuno palinso mvula, yomwe kuyambira Disembala mpaka Malichi imaimitsa ntchito yokumba ndi kuthira dothi. Tenda ikachedwa kutuluka ndi miyezi iwiri, ntchito ingathe kuchedwa ndi theka la chaka.

Zimene zidachitika ku Kapichira zidaonetsa poyera kuti zinthu izi zimalukana. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana adagumula mbali ya damu, ndipo dziko lidataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130. Padatenga chaka ndi miyezi kuti makina ayambenso kuzungulira, anthu akukhala mumdima maola ambirimbiri patsiku. Kubwezeretsa damulo idali ntchito ya mainjiniya, koma padafunikanso kupeza ndalama, kukambirana ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, kugula zinthu motsata malamulo, ndi kugwirizana ndi a pulojekiti ya mthirira ya m'chigwa cha Shire, omwe ngalande yawo imayambira pa damu lomwelo. Amene amadziwa konkire yekha sakadatha, ndipo amene amadziwa mapepala okha sakadathanso.

Chachitatu, chomwe ambiri amachinyoza asanalowe m'kalasi, ndi anthu. Folomani wazaka 55 amene wagwira makina omwewo kuyambira bwana wake ali ku pulayimale sauzidwa zochita ngati mwana. Ukamuchititsa manyazi pagulu sadzakuyankha, adzangosiya kukuuza pamene makina ayamba kulira mwachilendo. Katswiri wa sayansi amakumana nazo zomwezi. Wofufuza wa ku Chitedze kapena ku Bvumbwe, kapena wa ku Malawi-Liverpool-Wellcome pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, akapambana thandizo la ndalama za kafukufuku amasanduka wolemba anthu ntchito, wosunga malisiti, ndi woyankha kwa opereka ndalama. Kafukufuku wabwino angathe kufa chifukwa lipoti la ndalama lachedwa kapena chifukwa awiri mu laboletale sakulankhulana.

Koma pali nkhani imodzi imene pafupifupi kalasi iliyonse ya maphunzirowa imaidutsa, ndipo ndi imene iyenera kuwaopsa onse ofuna mpando. Usiku wa pa 27 Januwale 1986, mainjiniya a kampani ya Morton Thiokol ku America, mmodzi mwa iwo Roger Boisjoly, adachenjeza kuti chombo cha m'mlengalenga cha Challenger chisanyamuke m'mawa mwake. Kunja kudazizira kwambiri, ndipo iwo ankadziwa kuti timphira totseka molumikizira maroketi timauma kukazizira, n'kulephera kutseka mpweya wamoto. Adanena kuti chombocho chisanyamuke ngati kutentha kwatsika kufika pansi pa madigiri 12. Akuluakulu a NASA sadakondwe ndi yankholi. Mabwana a kampaniyo adapempha kuti akambirane paokha, ndipo m'kati mwa zokambiranazo mkulu wina, Jerald Mason, adauza Robert Lund, yemwe adali mkulu wa mainjiniya, kuti avule chipewa cha uinjiniya avale cha ubwana. Lund adasintha maganizo. M'mawa wa pa 28 Januwale chombo chidanyamuka, ndipo patangotha masekondi 73 chidaphulika. Anthu asanu ndi awiri adafa, kuphatikizapo mphunzitsi wa sukulu Christa McAuliffe.

Lund sadali mbuli. Adali injiniya wodziwa ntchito amene adafika pampando, ndipo pa nthawi yofunika adavomera kuti ubwana ndi uinjiniya ndi zipewa ziwiri zosavalidwa pamodzi. Ine ndikuona kuti phindu lonse la maphunzirowa lili pa kukana bodza limeneli. Injiniya amaphunzira za bajeti ndi za anthu kuti choonadi cha simenti ndi chitsulo chikhale ndi woyankhulira pa tebulo pomwe zigamulo zimapangidwa. Kontirakitala akachepetsa simenti, kapena wandale akafuna kuti msewu utsegulidwe phula lisanakhazikike, pamafunika wina wotha kunena kuti ayi, n'kuonetsa m'makwacha mtengo wa inde. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo injiniya wongokhala chete pamsonkhano amapha ena, osati iye yekha. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adabwera ndi mvula yoopsa imene idagonjetsa ngakhale zomangidwa bwino, koma aliyense woyenda m'misewu yathu amadziwanso milatho ndi zikalavati zomwe zimakokoloka ndi mvula wamba zaka zochepa chimangireni. Zimenezo wina adazisainira.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amalowa m'makalasiwa pofuna kuthawa. Malipiro a injiniya wa kutchire ndi ochepa poyerekeza ndi a wokhala mu ofesi, ndiye digiri yachiwiri imasanduka khomo lotulukira: galimoto ya kampani, alawansi ya misonkhano kunyanja, ndi kutsanzikana ndi fumbi. Sindingamudzudzule munthu wofuna kudyetsa bwino ana ake. Mlandu uli kwa olemba ntchito amene sadakonze njira yoti katswiri akwere malipiro ali pa ntchito ya ukatswiri wake, moti njira yokhayo yopezera ndalama ndi kusiya chimene amachidziwa. Dziko lomwe mainjiniya ake olembetsedwa ku Malawi Engineering Institution ndi ochepa kale silingakwanitse kuwataya motere.

Tisaiwalenso kuti pepala palokha silipanga mtsogoleri. Mo Ibrahim wa ku Sudan, amene adayambitsa kampani ya Celtel mu 1998, maphunziro ake onse adali a uinjiniya, mpaka digiri ya udokotala ku Birmingham pa za mafoni a m'manja. Kampani yake idafika ku Malawi kuno, idagulitsidwa mu 2005 pa madola 3.4 biliyoni, ndipo ndi yomwe idadzakhala Zain kenako Airtel. Iye adaphunzira kuyendetsa ntchito ali pantchito. Komabe si aliyense ali ndi mwayi wolakwitsa ndi ndalama zake, ndipo ambiri mwa mainjiniya athu amayendetsa ndalama za misonkho ndi za ngongole zomwe adzabweze ndi ana athu. Kuwaphunzitsa n'kotsika mtengo kuposa kuwasiya aphunzirire pa zolakwa.

Kwa amene akuganiza zolembetsa, nthawi ndi yofunika. Wongomaliza kumene digiri yoyamba akalowa m'kalasi yotere amangoloweza, chifukwa sadayambe wakanganapo ndi kontirakitala kapena kuchotsapo munthu ntchito. Ngakhale thandizo la maphunziro la Chevening la ku Britain limafuna kuti wopempha akhale atagwira ntchito zaka ziwiri. Dikirani mpaka mutakhala ndi mafunso anuanu. Musanalipire fizi, fufuzani ku National Council for Higher Education ngati sukuluyo ndi maphunzirowo n'zovomerezeka, makamaka awa otsatsidwa pa intaneti olonjeza digiri m'miyezi yochepa. Ndipo posankha mutu wa kafukufuku wanu womaliza, tengani vuto lenileni la kuntchito kwanu, monga chifukwa chomwe zipangizo zokonzera makina zimachedwera miyezi, osati mutu wokopera m'buku lakunja.

Inu mabwana a makampani a magetsi, a madzi ndi a misewu, musadikire kuti injiniya wanu alakwitse kaye ndi ndalama za anthu. Mutumizeni kusukulu musanamupatse mpando, mumulipirire, ndipo akabwerako n'kudzakuuzani pamsonkhano kuti ntchito iyi siyakonzeka kutsegulidwa, mumumvere.