MWAMUNA NDI MUTU WA BANJA: KODI MAU AMENEWA AKUTANTHAUZANJI?

MAU OYAMBA

Pa zinkhoswe, pa maukwati ndi pa malangizo a mabanja timamva kawirikawiri kuti mwamuna ndi mutu wa banja, mkazi azigonjera. Mau amenewa ali m'Malembo Oyera ndithu. Koma ife amene timayendera maparishi pa ntchito za chitukuko timaona kuti ena amawayesa chilolezo. Bambo amagulitsa fodya kapena mtedza umene adalima pamodzi ndi mkazi wake, ndalama n'kusunga yekha. Mayi amasankhidwa m'komiti ya mjigo, koma amaletsedwa kupita ku misonkhano. Wina amamenyedwa, ndipo akapita kwa ankhoswe amauzidwa kuti banja n'kupirira. Tsono nkofunika kuti tidziwe bwino zimene Malembo ndi Mpingo amaphunzitsa.

1. PACHIYAMBI ZIDALI BWANJI?

Pa Genesis 1:27-28 timawerenga kuti mwamuna ndi mkazi, onse awiri, ali ndi chifaniziro cha Mulungu, ndipo onse awiri adalandira ntchito yosamala dziko. M'mutu wachiwiri mkazi akutchedwa mthandizi. Ena amaganiza kuti mthandizi ndiye wantchito. Koma liu la Chihebri lomwelo limanenedwanso za Mulungu pamene akuthandiza Aisraele, ndipo palibe anganene kuti Mulungu ndi wochepa kwa Aisraele.

Zoti mwamuna adzalamulira mkazi zikupezeka pa Genesis 3:16, anthu atachimwa kale. Zikutchulidwa pamodzi ndi minga ya m'munda ndi thukuta la pa ntchito. Zimenezi ndi zipatso za tchimo. Mlimi sasiya kupalira ponena kuti minga idalembedwa m'Baibulo. Momwemonso Mkhristu sangasunge kuponderezana m'banja ponena kuti kudalembedwa.

2. KODI PAULO WOYERA ADATI CHIYANI?

Mau a mutu ndi kugonjera timawapeza makamaka pa Aefeso 5. Ambiri amayambira kuwerenga pa ndime 22, imene ikunena za akazi. Koma nkhaniyi ikuyamba pa ndime 21, pamene Akhristu onse akuuzidwa kuti azigonjerana chifukwa choopa Khristu. Pambuyo pake akazi akulangizidwa m'ndime zitatu, 22 mpaka 24. Kuyambira ndime 25 malangizo ambiri akupita kwa amuna, ndipo ndi olemera: akonde akazi ao monga Khristu adakondera Mpingo mpaka kuufera.

Tsono ngati mwamuna ndi mutu, chitsanzo chake ndi Yesu, amene adasambitsa mapazi a ophunzira ake ndi kuwaletsa kulamula anzao monga amachitira mafumu a dziko (Yohane 13; Marko 10:42-45). Mutu wotere umadya pomalizira. Sungagone wokhuta thupi lili ndi njala.

Tikumbukirenso kuti pa nthawi ya Paulo bambo wa nyumba adali ndi mphamvu zazikulu pa onse a m'nyumba mwake, ana ndi akapolo omwe. Kalata yomweyi, m'mutu 6, ikuuza akapolo kuti azimvera ambuye ao, koma lero palibe Mkhristu amene amavomereza ukapolo. Ndipo pa 1 Akorinto 7:4 Paulo akupereka ulamuliro wofanana kwa onse awiri, aliyense pa thupi la mnzake.

3. AKHRISTU AMAMVA MOSIYANA

Mipingo simasulira ndimezi mofanana. Ena amati mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pa ulemu, koma Mulungu adapatsa mwamuna udindo wotsogolera ndi mau omaliza. Maganizo amenewa adalembedwa ndi atsogoleri ena a mipingo ya Chiprotestanti ku Danvers m'dziko la America m'chaka cha 1987, ndipo mpingo wa Southern Baptist udawaika m'chikhulupiriro chake mu 1998. Ena amatsamira pa Agalatiya 3:28, nati mwa Khristu kusiyana kwa mwamuna ndi mkazi sikupatsa wina mphamvu pa mnzake. Koma mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa mfundo imodzi: umutu si chilolezo cha nkhanza.

4. MPINGO WA KATOLIKA UKUPHUNZITSA CHIYANI?

Chiphunzitso cha Mpingo wathu chakhala chikumveka bwino pang'onopang'ono.

(a) Mu 1930 Papa Pius XI adaphunzitsa kuti mwamuna ndi mutu, mkazi ndi mtima wa banja. Koma adachenjeza kuti mkazi asayesedwe mwana, ndiponso sakakamizidwa kumvera zinthu zotsutsana ndi nzeru kapena ulemu wake.

(b) Mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udanenetsa kuti ulemu wa mkazi ndi wa mwamuna m'banja ndi wofanana.

(c) Malamulo a Mpingo a 1983, nambala 1135, akuti onse awiri ali ndi udindo ndi ufulu wofanana pa zonse zokhudza moyo wa banja.

(d) Mu 1988 Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene adatiyendera kuno ku Malawi mu 1989, adalemba kalata ya Mulieris Dignitatem. M'menemo adafotokoza kuti Mpingo wokha ndiwo umagonjera Khristu, koma m'banja kugonjera sikuli kwa mbali imodzi ayi. Mkazi agonjere mwamuna, mwamunanso agonjere mkazi.

(e) Mu 2016 Papa Francis, m'kalata ya Amoris Laetitia, adadzudzula nkhanza kwa amayi ndi kumasulira kulikonse kwa mau a Paulo kumene kumapangitsa mkazi kukhala kapolo wa zilakolako za mwamuna.

Pa tsiku la ukwati onse awiri amafunsidwa mafunso omwewo, nalonjeza zomwezo. Palibe amene amapereka theka la lonjezo.

5. MIYAMBO YATHU NDI MALAMULO A DZIKO

Miyambo yathu ndi yosiyanasiyana. Kumene kuli chikamwini, monga pakati pa Achewa, Alomwe ndi Ayao, mwamuna amakhala kwao kwa mkazi ndipo malume amakhala ndi mau pa ana. Kumene kuli lobola, monga pakati pa Atumbuka ndi Asena, mkazi amapita kwao kwa mwamuna. Konseku kuli zabwino ndi zoipa. Mkamwini angathe kunyozedwa ngati mlendo, mtengwa angathe kuyesedwa katundu wogula. Uthenga Wabwino ukutsutsa zonse ziwiri.

Malamulo a dziko lino akugwirizana ndi Mpingo pa mfundoyi. Malamulo aakulu a 1994, gawo 20, amaletsa tsankho, ndipo gawo 24 limapatsa amayi ufulu wokhala ndi chuma, wochita mapangano ndi wolera ana ao. Mu 2006 padakhazikitsidwa lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Lamulo la 2011 limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Mu 2017 malamulo aakulu adasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18.

6. NANGA PAMENE PALI NKHANZA?

Mau akuti kumenya ndi mankhwala a banja ndi bodza. Kupirira kumene Mpingo umaphunzitsa ndi kwa pa matenda, umphawi ndi zofooka za tsiku ndi tsiku. Malamulo a Mpingo, nambala 1153, amalola mkazi kapena mwamuna kuchoka pa nyumba ngati mnzake akuika moyo wake kapena wa ana pa chiopsezo. Kawirikawiri nkhaniyi imapita kwa Ambuye Aepiskopi kudzera kwa Bambo Mfumu, koma ngati kudikira kuli koopsa, munthu angathe kuchoka yekha. Sakramenti la ukwati limakhalapobe, ndipo wothawa nkhanza sadachimwe. Kukanena ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, si kugulitsa banja.

7. TICHITEPO CHIYANI?

Makolo adati mutu umodzi susenza denga. Banja limene limapanga limodzi za mbeu, feteleza, ngongole ndi fizi ya ana silimagwa msanga m'njala. Motero tikupempha kuti:

(a) mwamuna ndi mkazi aziwerengera pamodzi ndalama za zokolola asanagule kanthu;

(b) alangizi a mabanja aziwerenga Aefeso 5 kuyambira ndime 21, ndipo azilangiza amuna molimba monga amalangizira akazi;

(c) ankhoswe asabweze mayi womenyedwa asanatsimikize kuti moyo wake uli pabwino;

(d) ana aamuna ndi aakazi azigawana ntchito za pakhomo ndi mwai wa sukulu mofanana.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

1. M'mudzi mwathu, ndani amasunga ndalama za zokolola, ndipo chifukwa chiyani?

2. Kodi mwamuna angagonjere mkazi wake pa zinthu ziti popanda kutaya ulemu?

3. Ndi malangizo ati a pa chinkhoswe amene akutsutsana ndi zimene tawerengazi?

4. Mayi wa m'Mphakati mwathu atagogoda usiku atamenyedwa, tingamuthandize bwanji?