Mowa wa amonke a ku Belgium samaumwa mothamanga

Mlamu wathu wina atabwelako ku Belgium kumene anapita pa nchito, anatiitana kunyumba kwake ku Chelstone kuti tikalaweko zimene anabwela nazo. Tinali anthu asanu ndipo mabotolo anali asanu ndi limodzi, ang'onoang'ono, a mamililita 330. Tinaseka poona kucepa kwake. Mmodzi wa ife anamwa awili motsatizana monga mmene amacitila ndi Mosi pa Cisanu madzulo. Nthawi yonyamuka itakwana miyendo inakana, ndipo galimoto yake inagona komweko.

Mowa umenewo unali Westmalle Tripel. Tikulemba za mowawu lelo cifukwa unatiphunzitsa kanthu pa kamwedwe kathu.

Westmalle ndi mudzi wa kufupi ndi mzinda wa Antwerp. Kumeneko kuli nyumba ya amonke a Katolika a cipani ca Trappist, imene inakhazikitsidwa mu 1794. Amonkewa amatsatila malamulo a Benedikito Woyela onena kuti munthu azipemphela ndiponso azidya za thukuta lake. N'cifukwa cake amaweta ng'ombe, kupanga chizi ndi kufulula mowa. Anayamba kufulula mu 1836, koma mowa wagolide umene tikunenawu unatuluka mu 1934, ndipo mu 1956 anakonzanso kafululidwe kake. Ofulula ambili a ku Belgium ndi maiko ena anatengela pomwepo, motelo dzina lakuti tripel tsopano likuimila mtundu wonse wa mowa wotele.

Ukali wake ndi 9.5 pelesenti, pamene Mosi ndi pafupifupi 4 pelesenti. Kunena mwacidule, kabotolo kamodzi kali ndi ukali wa mabotolo awili a Mosi. Mnzathu uja anali atamwa ngati anai m'mphindi zocepa, m'mimba mulibe kanthu.

Cimene cinamupusitsa ndi cakuti mowawu sumveka ukali pakamwa. Pofulula amagwilitsa nchito cimela ca balele cosakazinga kwambili, ndiye cifukwa cake mtundu wake ndi wagolide. Amathilamonso shuga. Yisiti imadya shuga yenseyo n'kumusandutsa ukali, motelo mowa umakhala wamphamvu koma wopepuka pomeza. Akamauthila m'botolo amaonjezela shuga ndi yisiti pang'ono kuti upitilize kuwila m'botolo momwemo. Thovu lake locindikala limacokela pamenepa.

Mlamu wathu anatiphunzitsa kamwedwe kake. Coyamba, botolo lisazizile kwambili. Ife tinazolowela kupempha mowa wozizila mpaka mano kuwawa, koma tripel amakoma pa madigili 8 mpaka 12. Mukaucotsa mu fuliji, udikileni kwa mphindi zingapo. Caciwili, samamwela m'botolo. Amathila m'tambula yotakata kukamwa, yokhala ndi mwendo ngati cikho ca ku chalichi. Pendeketsani tambulayo, thilani pang'onopang'ono, ndipo musiye pang'ono pansi pa botolo pamene pakhala nsenga za yisiti. Nsengazo si zoipa, ena amazimwa pamapeto, koma zimadetsa mowa ndi kuonjezela kuwawa.

Tisanamwe, anatiuza kuti tiyambe tanunkhiza. Tinamva fungo la nthoci yakupsa, kenaka la khungu la lalanje, ndi kafungo kena konga ka tsabola. Mayi wina amene tinali naye anakana kuti simungakhale mopanda zipatso. Zoona zake n'zakuti mulibe cipatso ciliconse. Fungo lonselo limacokela ku yisiti, imene amaisiya kuti iwile pamalo ofundilapo kusiyana ndi mmene amafululila lager.

Pa lilime umayamba ndi kutsekemela konga kwa uci ndi buledi. Pambuyo pake kumabwela kuwawa kwa hops, maluwa a comela cimene amathila mu mowa pouphika, ndipo pakamwa pamatsala pouma. Ukali umamveka mocedwa, ngati kakutentha pa cifuwa. Ife amene tinamwa modekha, tambula imodzi inatitengela pafupifupi ola, tikudyela nkhuku yoocha. Pamene mowa unali kufunda m'tambula, fungo linali kusintha. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Awelengi adziwe kuti si mowa ulionse wokhala ndi cithunzi ca mmonke pa botolo umene umafululidwa ndi amonke. Mu 1997 nyumba za a Trappist zinapanga bungwe la International Trappist Association kuti ziteteze dzina lao. Kuti mowa ulandile cidindo ca Authentic Trappist Product, uyenela kufululidwa pa malo a amonke, moyang'anilidwa ndi amonke, ndipo phindu lake lipite ku zosowa za nyumbayo ndi kuthandiza ovutika. Ku Belgium nyumba zotelezi zilipo zisanu: Westmalle, Westvleteren, Chimay, Orval ndi Rochefort. Ya cisanu ndi cimodzi, Achel, inataya cidindoci mu 2021 cifukwa amonke otsiliza anacokapo, popeza anyamata olowa umonke akucepa.

Mowa wina, monga Leffe, Grimbergen ndi Affligem, uli ndi maina a nyumba za amonke koma umafululidwa ndi makampani. Leffe ndi wa kampani ya AB InBev, yomwenso ili ndi gawo lalikulu mu Zambian Breweries imene imatifululila Mosi. Izi sizitanthauza kuti mowa wa makampani ndi woipa. Tripel Karmeliet, wa 8.4 pelesenti, wofululidwa ndi balele, tiligu ndi oats, ambili amautama. Koma wogula adziwe kumene ndalama yake ikupita.

Mu 2016 bungwe la UNESCO linaika mwambo wa mowa wa ku Belgium pa mndandanda wa miyambo ya anthu yofunika kuisunga. Ife kuno, mu 2012 boma linaletsa tujilijili titaona ana a sukulu ndi oyendetsa minibasi akuonongeka. Tujilijili tunali kugulidwa kuti munthu aledzele msanga ndi ndalama yocepa. Ndipo tiyeni tivomeleze, ambili a ife tikakhala pa bala timawelenga mabotolo opanda kanthu pa tebulo, osafunsa ngati mowawo unakoma. Mnzathu uja anapita kwa mlamu ndi mtima womwewo, ndipo m'mawa mwake sanathe kutiuza kuti mowa wocokela kutali conco unali kumveka bwanji.

Sitikuuza munthu kuti ayambe kumwa. Amene samwa akucita bwino, ndipo ana osakwana zaka 18, amai apakati ndi aliyense amene agwila ciongolelo asayandikile n'komwe. Koma kwa inu amene mumamwa, tsiku lina mukadzapatsidwa kabotolo kagolide kotele, yambani mwawelenga nambala ya pelesenti pa cikalata cake, mudye nsima, ndipo muime pa kamodzi.

Amonke a ku Westmalle nawonso samwa tripel pa cakudya cao ca masiku onse. Iwo amamwa mowa wina wopepuka wochedwa Extra, wa 4.8 pelesenti cabe.