Zochirikiza mapazi

Zochirikiza mapazi ndi zipangizo zimene munthu amayala m'nsapato kapena kuvala kuphazi kuti aziponda bwino ndiponso kuti ululu uchepe. Azachipatala amazitchula kuti orthoses kapena orthotics, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza kuwongola. Zimagwiritsidwa ntchito kwambiri pa mavuto awiri: mapazi athyathyathya, ndi kupendekeka kwa chala chachikulu kumene kumatukula fupa m'mbali mwa phazi, vuto lotchedwa bunion.

Ngakhale dzina lake likunena za kuwongola, kafukufuku wa zaka zambiri wasonyeza kuti ntchito yaikulu ya zipangizozi ndi kuchepetsa ululu ndi kugawa kulemera kwa thupi kuti kusagwere malo amodzi. Sizisintha kakhalidwe ka mafupa. Munthu akazivula, phazi limabwerera mmene linalili.

Kapangidwe ka phazi

Phazi la munthu lili ndi mafupa 26 ndi mfundo 33. Kumbuyo kuli fupa la chidendene, pakati pali timafupa ting'onoting'ono, ndipo kutsogolo kuli mafupa asanu aatali amene amalumikizana ndi zala. Mafupawa sanayalane mofanana pansi. Anakhala mopindika ngati uta, choncho mbali ya mkati ya phazi imakwera pang'ono osagunda pansi. N'chifukwa chake munthu akaponda pa simenti ndi phazi lonyowa, chidindo chake chimakhala chodyeka mbali imodzi.

Uta umenewu umagwiridwa ndi zinthu zitatu: mmene mafupawo anakhalira, mitsempha yolimba yomanga mafupa, ndi minofu. Pansi pa phazi pali mtsempha waukulu wotambalala wotchedwa plantar fascia, wochokera ku chidendene kukafika ku zala, umene umagwira ntchito ngati chingwe cha uta. Palinso mtsempha wina wotsika kuchokera m'katumba, wodutsa kuseri kwa fupa la mkati la kakolo, umene umakokera utawo m'mwamba. Munthu akaponda, uta umatsika pang'ono n'kulandira kulemera kwa thupi, ndipo akamanyamula phazi umalimbanso n'kumukankhira kutsogolo.

Mapazi athyathyathya

Phazi limatchedwa lathyathyathya pamene uta wake uli wotsika kwambiri moti pansi ponse pa phazi pamagunda pansi munthu akaimirira. Nthawi zambiri chidendene chimapendekeranso kunja.

Pafupifupi mwana aliyense amabadwa ndi mapazi ooneka athyathyathya chifukwa mitsempha yake ndi yofewa ndipo pansi pa phazi pamakhala mafuta. Uta umayamba kuonekera mwana akamakula, ndipo kwa ana ambiri umakhala utakhazikika asanafike zaka 10. Ena amakula nawo mapazi otere mpaka ukulu popanda vuto lililonse.

Madokotala amasiyanitsa mitundu iwiri. Phazi lofewa ndi limene uta wake umaoneka munthu akakhala pansi kapena akaimirira ndi zala zokha, chidendene chili m'mwamba. Mtundu uwu ndi umene umapezeka kwambiri, ndipo kawirikawiri supweteka. Phazi louma ndi limene limakhalabe lathyathyathya ngakhale munthu aimirire ndi zala. Izi zimachitika, mwachitsanzo, ngati mafupa awiri a kumbuyo kwa phazi anabadwa ali omatana, ndipo zimafunika kupimidwa kuchipatala.

Uta umathanso kugwa munthu ali wamkulu kale. Nthawi zambiri zimatero mtsempha wodutsa kuseri kwa kakolo uja ukafooka kapena ukang'ambika. Vutoli limagwira kwambiri amayi opitirira zaka 40, ndipo kunenepa kwambiri, matenda a shuga, nyamakazi ndi kuvulala zimawonjezera chiopsezo. Limayamba ndi ululu ndi kutupa mbali ya mkati ya kakolo, nthawi zambiri phazi limodzi lokha, ndipo likapanda kusamalidwa limakulirakulira.

Bunion

Bunion, imene azachipatala amaitchula kuti hallux valgus, imayamba pamene fupa lalitali loyamba la phazi lapendekera kumbali ya phazi linzake, pamene chala chachikulu chapendekera ku zala zinazo. Mfundo ya pa tsinde la chalacho imatukuka. Ambiri amaganiza kuti ndi chotupa kapena fupa latsopano limene lamera, koma kwenikweni ndi mutu wa fupa lomwelo umene wachoka m'malo mwake. Pa chithunzi cha X-ray, madokotala amati vutoli lilipo chala chikapendekeka kupitirira madigiri 15.

Malo otukukawo amakhuzana ndi nsapato, ndipo amafiira, kutupa ndi kupweteka. Vuto likakula, chala chachikulu chimatha kulowa pansi pa chachiwiri kapena kukwera pamwamba pake, ndipo pansi pa tsinde la zala pamachita khungu lolimba lopweteka.

Mu 2010 akatswiri a ku Australia motsogozedwa ndi Sheree Nix anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana. Anapeza kuti anthu 23 mwa 100 alionse a zaka 18 mpaka 65 ali ndi vutoli, ndipo mwa opitirira zaka 65 ndi pafupifupi 36 mwa 100. Akazi amapezeka nalo kuposa amuna. Limayenda m'mabanja, koma nsapato zothina kutsogolo ndi za gogoda zimalikulitsa. Kafukufuku wa ku Hong Kong wa mu 1958 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu ovala nsapato anali ndi chala chopendekeka, pamene mwa osavala nsapato anali pafupifupi awiri okha mwa 100.

Mitundu yake

Zoyala za m'nsapato zogulitsidwa m'masitolo zimapangidwa m'fakitale motsata masaizi a nsapato. Zambiri ndi za siponji yolimba, labala kapena silicone, ndipo zimakhala ndi kamtunda pansi pa uta.

Zoyala zopangira munthu mmodzi zimaumbidwa motsata phazi la mwini wake. Zina ndi zolimba, za pulasitiki ya polypropylene, zina ndi zofewa, za siponji yotchedwa EVA, ndipo zina amasanja zofewa pamwamba pa zolimba.

Chochirikiza chotchedwa UCBL ndi chapulasitiki chozama ngati kambale, chimene chimagwira chidendene mbali zonse. Dzinali ndi chidule cha University of California Biomechanics Laboratory, kumene chinapangidwa m'zaka za m'ma 1960. Uta ukagwa kwambiri, pamafunika chochirikiza chokwera mpaka pamwamba pa kakolo.

Za bunion zilipo zitatu zodziwika. Pali kachotsekera kofewa koika pakati pa chala chachikulu ndi chachiwiri, pali kachophimba koteteza malo otukuka kuti asakhuzane ndi nsapato, ndipo pali chomangira chovala usiku chimene chimakokera chala kumalo ake ndi malamba.

Kapangidwe ka zoyala za munthu mmodzi

Katswiri amayamba waona mmene munthu amaimira ndi kuyendera, mmene mfundo zikupindikira, ndi mbali imene nsapato zake zakale zinathera. Kenako amatenga chikombole cha phazi. Njira yakale ndi kukulunga phazi ndi nsalu za chikhakha, ina ndi kupondetsa munthu m'bokosi la siponji yophwanyika, ndipo masiku ano malo ena amajambula phazi ndi makina olumikiza ku kompyuta. M'chikombolemo amathiramo pulasitala kuti apeze chifanizo cha phazi. Amatenthetsa pulasitiki mu uvuni mpaka itafewa, n'kuiyala pa chifanizocho kuti itenge maonekedwe ake. Ikazizira amaidula, kuipala ndi kuikuta ndi chikopa kapena siponji. Pomaliza mwini wake amachiyesa, ndipo malo othina amakonzedwa.

Mbiri

Kale osoka nsapato ndi amene ankaika zikopa m'nsapato za anthu odandaula mapazi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, dokotala wa mafupa wa ku New York, Royal Whitman, anapanga chochirikiza chachitsulo chimene chinatchuka ngakhale chinali cholemera ndi chopweteka. Ku Germany, wosoka nsapato Konrad Birkenstock anayamba kupanga zoyala zotsata maonekedwe a phazi mu 1896. Ku Chicago, William Scholl anapanga chochirikiza chotchedwa Foot-Eazer mu 1904, ndipo kampani ya dzina lake inafalitsa malondawa m'masitolo a nsapato.

M'zaka za m'ma 1960, Merton Root wa ku California anaphunzitsa kuti chochirikiza chisamangotukula uta, koma chiziwongolera mmene chidendene chimapendekera munthu akamayenda. Maganizo ake anatsatidwa kwa zaka zambiri, ngakhale akatswiri a masiku ano amatsutsa mbali zina za chiphunzitsocho.

Zimene kafukufuku wapeza

Kwa nthawi yaitali ana ambiri ku Ulaya ndi ku America ankavekedwa nsapato zapadera pofuna kuti uta ukule. Mu 1989 Dennis Wenger ndi anzake a ku Dallas, m'chigawo cha Texas, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana 129 a mapazi athyathyathya ofewa. Anawagawa m'magulu anayi: ovala nsapato zapadera, ovala kambale ka chidendene, ovala chochirikiza chapulasitiki choumbidwa, ndi osapatsidwa chilichonse. Patatha zaka zosachepera zitatu, mwa ana 98 amene anatsatira ndondomeko mpaka kumapeto, uta unali utakula m'magulu onse ndipo panalibe kusiyana kwenikweni. Chimene chinakweza uta ndi kukula kwa mwana, osati chipangizo.

Ku India, Rao ndi Joseph anapima ana 2,300 ndipo anafalitsa zotsatira mu 1992. Mapazi athyathyathya anapezeka mwa ana pafupifupi 9 mwa 100 ovala nsapato, koma mwa osavala anali pafupifupi 3 mwa 100. Ochuluka kwambiri anali ovala nsapato zotseka kutsogolo. Choncho madokotala ambiri amati mwana wa mapazi athyathyathya ofewa amene sakumva ululu safunika chochirikiza chilichonse.

Pa bunion, kafukufuku wodziwika anachitika ku Finland ndipo anafalitsidwa mu 2001 ndi Markus Torkki ndi anzake. Odwala 209 anagawidwa patatu: ena anachitidwa opaleshoni, ena anapatsidwa zochirikiza, ena anangodikira. Patatha miyezi 6, a opaleshoni ndi a zochirikiza ankamva ululu wochepa kuposa ongodikira. Patatha chaka, a opaleshoni okha ndi amene anali bwino kuposa enawo. Zomangira za usiku nazo zimawongola chala pa nthawi imene zavalidwa, koma palibe umboni wamphamvu woti zimachibwezera m'malo mwake mpaka kalekale. Njira yokhayo yowongolera fupa ndi opaleshoni, pamene dokotala amadula fupa n'kulisuntha. Opaleshoni amachita chifukwa cha ululu umene wakana njira zina, osati chifukwa cha maonekedwe, popeza kuchira kumatenga miyezi ndipo vutoli limatha kubwereranso.

Zodula sizipambana zotchipa nthawi zonse. Mu 2006 Karl Landorf ndi anzake a ku Australia anayesa zoyala pa anthu 135 omva ululu wa chidendene. Za m'sitolo ndi zoumbira munthu mmodzi zinathandiza mofanana patatha miyezi itatu, ndipo patatha chaka sizinasiyane ndi choyala wamba chofewa.

Pamene zochirikiza zimathandiza kwambiri ndi kwa wamkulu amene uta wayamba kumene kugwa, makamaka akamachitanso zolimbitsa minofu ya phazi ndi katumba. Kwa odwala nyamakazi. Ndi kwa anthu amene mapazi awo anachita dzanzi chifukwa cha shuga kapena khate, pamene kugawa kulemera kumateteza zilonda.

Kagwiritsidwe ntchito

Chochirikiza chatsopano chimavalidwa pang'onopang'ono, ola limodzi kapena awiri tsiku loyamba, n'kumawonjezera masiku otsatira. Chimafuna nsapato yozama ndi yotakasuka kutsogolo. Chikaikidwa m'nsapato yothina chimapanikiza zala, ndipo kwa munthu wa bunion chimawonjezera ululu. Kwa ambiri a bunion, kungosintha nsapato kumathandiza. Matuza kapena kufiira kosatha ndi chizindikiro choti chochirikizacho chiyenera kukonzedwa. Zofewa zimaphwa pakapita miyezi, zolimba zimakhala zaka, ndipo za mwana zimasinthidwa phazi likakula.

Munthu wa matenda a shuga sayenera kuvala chochirikiza cholimba kapena chomangira zala popanda kuonana ndi achipatala, chifukwa sangamve pamene chikumudya, ndipo chilonda chaching'ono chimatha kufika podulitsa phazi. Ofunikanso kupimidwa ndi munthu amene phazi limodzi lagwa mwadzidzidzi, amene phazi lake ndi louma kapena lotupa, ndi mwana amene akutsimphina kapena kukana kusewera chifukwa cha ululu.

Ku Malawi

Zipangizo zochirikiza ziwalo ndi miyendo yochita kupanga zimakonzedwa pa zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Mzuzu Central. Malo a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu anakhazikitsidwa ndi thandizo la bungwe la ku Scotland lotchedwa 500 Miles. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002, chimathandiza ana a mavuto a mafupa. Akatswiri ambiri a ntchitoyi m'chigawo chino cha Africa amaphunzira ku sukulu ya TATCOT ku Moshi, m'dziko la Tanzania, imene inayamba mu 1981.

Mavuto amene afotokozedwa pamwambapa ndi osiyana ndi a mwana wobadwa ndi mapazi opindikira mkati. Amenewo amawongoleka ndithu ndi njira ya Ponseti: khanda limamangidwa chikhakha chosinthidwa sabata iliyonse, kenako limavala nsapato ziwiri zolumikizidwa ndi kachitsulo, usana ndi usiku kwa miyezi itatu, pambuyo pake usiku wokha mpaka zaka 4 kapena 5. Ngakhale pamenepo, chimene chimawongola phazi ndi manja a wachipatala ndi chikhakha, ndipo nsapatozo zimangoteteza kuti phazi lisapindikenso.