Kudwala kwa mayi woyembekezera ndi vuto la autism: zimene ofufuza apeza

M'midzi yambiri ya boma lathu la Karonga muli ana amene afika zaka zitatu kapena zinayi asakulankhula, satembenuka akaitanidwa dzina ngakhale makutu awo ali bwino, sayang'ana munthu m'maso, ndipo amakonda kubwereza chinthu chimodzimodzi tsiku lonse. Ena mwa ana otere ali ndi vuto la kakulidwe ka ubongo lotchedwa autism, limene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linkanena kuti limapezeka mwa mwana pafupifupi mmodzi pa ana 100 alionse. Kwathu kuno mlandu umafulumira kugwera mayi, kapena wachibale amene akuganiziridwa kuti anakhwimira mwanayo. Ofufuza akhala akufunsa funso lina: kodi kudwala kwa mayi ali ndi pakati kungakhudze ubongo wa mwana?

Funsoli linayamba ndi chikuku cha rubella. Mliri wa matendawa utabuka ku America mu 1964, ana pafupifupi 20,000 anabadwa ndi zilema za maso, makutu ndi mtima. Dokotala wina wa ku New York, Stella Chess, anaunika ana 243 oterewa ndipo mu 1971 analengeza kuti autism inali yochuluka pakati pawo kuposa mwa ana ena.

Pambuyo pake chidwi chinachoka pa kachilombo kenikeniko n'kupita pa chitetezo cha m'thupi mwa mayi. Thupi likagwidwa ndi matenda limatulutsa timadzi tamphamvu m'magazi tolimbana ndi tizilombo, ndipo kutentha thupi n'chizindikiro cha nkhondo imeneyo. Ganizo la ofufuza ndi lakuti nkhondoyo ikakula kapena ikakhalitsa, imafika pa nsengwa, imene mwana amalandirira chakudya ndi mpweya, pa nthawi imene ubongo wake ukuumbika. Pa mbewa za m'nyumba zofufuzira zimenezi zinaoneka ndithu. Pa anthu nkhani yake si yolunjika.

Chimodzi mwa zizindikiro zimene zimayezedwa m'magazi chimatchedwa CRP, ndipo chimakwera thupi likamalimbana ndi matenda. Ku Finland, kumene anasunga magazi a amayi oyembekezera kwa zaka zambiri, Alan Brown ndi anzake anapeza kuti amayi amene CRP yawo inali yokwera kwambiri kumayambiriro kwa pakati anali ndi mpata wokulirapo ndi 43 peresenti wobereka mwana wa autism. Nambalayi ikumveka yoopsa, koma tanthauzo lake n'lakuti pamene pakanakhala mwana mmodzi pa 100, safika ngakhale awiri. Ena onsewo alibe vutoli. Komanso kafukufuku wa ku California wa mu 2016 anapeza zosiyana: kumeneko CRP yokwera pakati pa miyezi ya mimba inayendera limodzi ndi mpata wocheperapo. Mu 2022 ofufuza a ku Sweden, ataona mbiri ya ana oposa 500,000, anapeza kuti ngakhale amayi amene anadwala chaka chimodzi asanatenge pakati anali ndi mpata wokwererapo chimodzimodzi. Matenda amene anatha mimba isanakhale sangavulaze mwana mwachindunji, choncho n'kutheka kuti chimene chikugwira ntchito ndi zotengera za m'banja. Pa mfundo yakuti gawo lalikulu la autism limachokera ku zotengera kwa makolo onse awiri, akatswiri amagwirizana. Palibe kuyeza magazi kwa mayi kumene kungalosere autism, ndipo aliyense wolonjeza zotere pa ndalama akunama.

Nanga nkhaniyi ikutikhudza bwanji? Chotenthetsa thupi chachikulu kwa amayi oyembekezera kuno ndi malungo, makamaka m'mbali mwa nyanja ndi kufupi ndi minda ya mpunga ya Hara, Wovwe ndi Lufilya, kumene madzi sauma. Malungo amabisala mu nsengwa mayi osamva kudwala, ndipo zimene amachita n'zodziwika bwino: kuchepa magazi, kupita padera, kubadwa masiku asanakwane, kubadwa wochepa thupi. Ana obadwa msanga kapena ochepa kwambiri ndiwo amakumana kawirikawiri ndi mavuto a kakulidwe, autism ili m'gulu lomwelo. Dziko la Malawi linayamba kupereka mankhwala a SP, amene ambiri amati Fansidar, kwa amayi oyembekezera mu 1993. Amamwedwa miyezi itatu yoyamba ikatha, motalikirana mwezi umodzi, kosachepera katatu. Mayi woyamba sikelo mimba itakula kale amataya mwayi umenewu, pamodzi ndi neti yaulere ndi kuyezedwa HIV ndi chindoko nthawi ikadalipo. Kutentha thupi kulikonse kumafuna kukayezetsa tsiku lomwelo, kaya ku chipatala chachikulu cha Karonga, ku Chilumba, ku Kaporo kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi, osati kugula mapiritsi pagolosale.

Katemera wa chikuku ndi rubella analowa m'ndondomeko ya dziko lino mu 2017. Mphekesera yakuti katemerayu amayambitsa autism inachokera ku lipoti la ku Britain la mu 1998, limene magazini ya zachipatala ya Lancet inalichotsa mu 2010 litapezeka kuti linali lachinyengo. Zoona zake n'zotembenuka: mtsikana wobayidwa katemerayu lero sadzapatsira rubella mwana wake wosabadwa.

Makolo amene akuona zizindikiro zatchulidwa kumayambiriro zija auze mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo kapena namwino wa kusikelo ya ana, kuti mwanayo ayambe wayezedwa makutu ndi kuunikidwa kakulidwe. Autism ilibe mankhwala ochiza, koma mwana wophunzitsidwa msanga kulankhula, kudya ndi kudzisamalira amapita patsogolo. Ofunika thandizo loposa pamenepo angatumizidwe ku St John of God ku Mzuzu, kumene kuli malo othandizira ana a mavuto a kakulidwe.