Kasamalidwe ka memory ya virtual machine mu Linux

Virtual machine ndi kompyuta yopangidwa ndi mapulogalamu, yomwe imagwira ntchito m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Seva imodzi imatha kunyamula ma virtual machine ambiri, ndipo onsewo amagawana memory ya sevayo. Ntchito yogawayi imagwiridwa ndi kernel, yomwe ndi phata la operating system. Memory ikagawidwa mosasamala, makina amachedwa ndipo mwini wake amakakamizika kugula seva ina.

Mbiri

Linus Torvalds adayamba kulemba Linux mu 1991. Gawo la Linux loyendetsa ma virtual machine limatchedwa KVM. Lidalembedwa ndi Avi Kivity wa kampani ya Qumranet, ndipo lidalowa mu Linux 2.6.20 m'chaka cha 2007.

Gwero la kuchedwa

Kernel imadula memory m'tizigawo totchedwa page, ndipo page wamba amakhala wa 4 KB. Pulogalamu ikafuna kanthu m'memory, processor imayang'ana m'kaundula kuti idziwe pomwe kali. Pa virtual machine makaundula amakhala awiri: wa virtual machine ndi wa seva yeniyeni. Zili ngati nyumba yosungiramo mpunga wa Kilombero ku Karonga, momwe kalaliki amayamba wawerenga buku la kalabu ya alimi, kenako buku la mwini nyumba, asanapeze thumba limodzi. Kufufuza komwe kumafuna masitepe 4 pa kompyuta wamba kumatha kufika masitepe 24.

Njira zochepetsera vutoli

Kale kernel inkalumikiza yokha makaundula awiriwa. AMD mu 2007 ndi Intel mu 2008 adatulutsa ma processor ogwira okha ntchitoyi. Njira ya Intel imatchedwa EPT.

Transparent Huge Pages idalowa mu Linux 2.6.38 mu 2011. Imagwiritsa ntchito page wa 2 MB, wolingana ndi ma page wamba 512, motero kufufuza m'kaundula kumachepa. Kuipa kwake nkwakuti malo ena m'page wamkuluyo amatha kungokhala osagwiritsidwa ntchito.

KSM idalowa mu Linux 2.6.32 mu 2009. Imasaka ma page ofanana ndendende nkusunga mmodzi yekha. Virtual machine ikafuna kusintha page ameneyo, kernel imaikopera wakewake. Izi zimapulumutsa memory yambiri pamene makinawo ali ndi operating system yofanana, koma kusakako kumadya mphamvu ya processor, ndipo akatswiri adaonetsa kuti kungatsegule mpata woti virtual machine ina idziwe zinsinsi za inzake.

Palinso balloon, kapulogalamu kokhala m'kati mwa virtual machine. Seva ikapanikizika, balloon imatenga memory yomwe virtual machineyo sikuigwiritsa ntchito nkuibweza kwa seva. Ikatenga yochuluka kwambiri, virtual machineyo imayamba kusunga zinthu pa disk, pomwe kuwerenga kumachedwa kwambiri kuposa m'memory.