Puka Nacua, mnyamata amene onse anamudumpha

Mu Ogasiti 2023, okonda fantasy ya mpira wa ku America atakhala pansi kusankha matimu awo, dzina la Puka Nacua silinkamveka n'komwe. Pa mindandanda ya ma wide receiver, anyamata othamanga kukawakha mpira woponyedwa ndi quarterback, pamwamba panali Justin Jefferson, Ja'Marr Chase ndi Tyreek Hill. Kuti upeze Nacua unkayenera kutsika mpaka chala kutopa, ndipo pa mindandanda ina sanalembedwepo.

Amene anazolowera Fantasy Premier League adziwe kuti kuno zinthu n'zosiyana. Wosewera mmodzi sangakhale m'matimu awiri a ligi imodzi. Mumasankha mosinthana pa tsiku la draft, ndipo amene mnzako watenga ndiye kuti wapita. Otsala onse amakhala pa waiver wire, podikirira aliyense wowafuna. Kumeneko n'kumene Nacua anagona m'maligi ambiri.

Panalibe wowadzudzula anthuwo. Ngakhale matimu enieni a NFL anamudumpha kangapo konse. Mu Epulo chaka chomwecho, Jaxon Smith-Njigba, Quentin Johnston, Zay Flowers ndi Jordan Addison anatengedwa motsatizana m'ndime yoyamba ya draft ya NFL. Nacua, wochokera ku yunivesite ya BYU ndipo wovutika ndi kuvulala ali kumeneko, anadikira mpaka ndime yachisanu, pamene Los Angeles Rams inamutenga pa nambala 177. Komanso ku Rams kunali kale mwini mudzi, Cooper Kupp, amene mu 2021 anawakha mipira 145 ya mayadi 1,947. Mwana wobwera dzulo akanadya chiyani pamenepo?

Koma Kupp anavulala mnofu wa kuntchafu, n'kuphonya masewera anayi oyambirira. Quarterback wa Rams, Matthew Stafford, anafunika munthu womuponyera.

Pa 10 Sepitembala ku Seattle, Stafford analunjika mpira kwa Nacua maulendo 15. Mnyamatayo anawakha 10, mayadi 119. M'maligi a PPR, momwe kuwakha kulikonse ndi pointi imodzi ndipo mayadi 10 ndi pointi inanso, amenewo anali mapointi pafupifupi 22, popanda ngakhale touchdown imodzi. Ochenjera sanayang'ane mapointiwo ayi. Anayang'ana 15 uja. Touchdown ikhoza kubwera mwamwayi, mayadi ambiri akhoza kuchokera pa mpira umodzi umene wotchinga anaterereka, koma quarterback wamkulu ngati Stafford saponyera munthu maulendo 15 mwangozi. Ndiye kuti amamukhulupirira, ndipo mphunzitsi Sean McVay wamukonzera njira zothamangamo. Sabata imeneyo dzina la Nacua linalimbiranidwa pa waiver wire ngati chambo chotsika mtengo.

Amene anamupeza sanachedwe kuvina. Masewera otsatira, polimbana ndi San Francisco 49ers, mpira unapita kwa iye maulendo 20, iye n'kuwakha 15 ya mayadi 147. Palibe wosewera wa chaka choyamba amene anali atawakhapo mipira yochuluka chotero pa tsiku limodzi. Rams inagonja, koma eni ake a Nacua m'fantasy anagona akumwetulira. Pa 1 Okutobala ku Indianapolis zinafika pokoma penipeni: mayadi 163, ndipo m'nthawi yowonjezera anawakha mpira n'kuthamangira nawo kukagoletsa touchdown yake yoyamba, imene inathetsa masewerawo pa 29-23. Masabata anayi okha, mipira 39, mayadi 501!

Ena anayamba kunena kuti mugulitseni msanga, Kupp akabwera phwando latha. Ine maganizo amenewo sindinawakonde ngakhale pang'ono, chifukwa Nacua sankangotola zotsala. Ankadutsa pakati pa bwalo pamene pali zigunda, ankatchingira anzake othamanga ndi mpira mosadzimvera chisoni, ndipo wotchinga mmodzi sankamugwetsa mophweka. Mphunzitsi samuika pabenchi munthu wotero. Kupp anabwereradi, ndipo mipira inapitirira kupita kwa Nacua. Nthawi yomweyo Jefferson, amene ambiri anamusankha poyambirira penipeni, anavulala n'kuphonya masewera asanu ndi awiri. Matimu amene anapulumuka chaka chimenecho, ambiri anapulumutsidwa ndi munthu amene anamutola ulere.

Pa 7 Januwale 2024, polimbananso ndi 49ers, Nacua anamaliza nyengoyo ndi mipira 105 ndi mayadi 1,486. Pa mbiri ya osewera a chaka choyamba, anaposa 104 ya Jaylen Waddle ya mu 2021, ndipo anaposanso mayadi 1,473 a Bill Groman, amene anakhala osagwedezeka kuyambira 1960. Zaka 63 akatswiri akubwera ndi kupita, wodzagwetsa mbiriyo n'kukhala mnyamata wa nambala 177. Sabata yotsatira ku Detroit, m'masewera a chipulula, anawonjezera mayadi 181.

Ogasiti wa 2024 atafika, mindandanda inali itatembenuka. Dzina lija linali litakwera pakati pa ma wide receiver khumi apamwamba, ndipo pa tsiku la draft linkachoka kumapeto kwa ndime yoyamba kapena kumayambiriro kwa yachiwiri. Anthu omwe aja amene chaka chapitacho sankadziwa katchulidwe kake ankawerenga pa zala kuti kwatsala anthu angati nthawi yawo yosankha isanakwane, mtima uli m'mwamba kuti mnzawo angamutenge Puka.